Usanapereke Nkhope Yako ku Moto

Khala apa, Naphiri. Sendeza mpandowo ufike pamthunzi. Mtedzawu tiziswa tikucheza, sutithawa.

Foni yako ija ndaiona. Zithunzi ziwiri zija ndaziyang'ana bwinobwino, ngakhale maso anga ayamba kuchita nkhungu. Kumanzere kuli mtsikana wa masaya okumbikakumbika. Kumanja mtsikana yemweyo, nkhope ili see ngati dzira. Pansi alemba kuti ndi laser, ndipo mtengo autsitsa mpaka kutha kwa mwezi. Wati ukabwerera ku Johannesburg ukalembetsa. Ndamva. Sindikuletsa. Nkhope ndi yako, ndalama ndi thukuta lako. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Undimvere mpaka ndimalize.

Usaganize kuti ndikukuseka. Anthu ena akamva mwana akudandaula za zipsera amati ndi matama a m'tauni. Ine ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dzulo pojambulitsa ndi abale ako ndinakuona ukutembenuza mutu kuti tsaya lakumanzere libisike. Ndinagwira unamwino zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti chilonda cha pankhope chimapola msanga kuposa manyazi amene chimasiya.

Azakhali anga anadwala nthomba ali namwali. Iwe nthomba sunaione, analengeza mu 1980 kuti yatheratu padziko lonse. Anachira, koma nkhope yawo inatsala timaenje tokhatokha ngati chisa cha njuchi. Anakwatiwa, anabereka, anali ndi mawu pabwalo. Komabe mpaka ukalamba wawo ankakokera mpango m'masaya akamapita kumsika. Pa nthawi yawo panalibe chochita. Pa nthawi yako chilipo. N'chifukwa chake ndikufuna uchichite ndi nzeru.

Kodi laser ukuidziwa kuti n'chiyani? Dzinali likamatuluka m'kamwa mwako limamveka ngati Leza, ndipo ine limandikumbutsa utawaleza. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, utawaleza ndiwo umatiululira. Laser ndi kuwala kwa mtundu umodzi wokha, kosonkhanitsidwa n'kulozetsedwa pa kadontho kamodzi. Amalume ako ali mwana ankaba magalasi owerengera a agogo ako aamuna n'kumawotcha nawo pepala padzuwa. Nzeru yake ndi yoteroyo. Ndi moto, mwanawe. Moto wopanda nkhuni, koma moto.

Makina oyamba anawapanga Theodore Maiman ku America mu 1960, ine ndili kamtsikana kotunga madzi ndi chipanda. Mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu, Kumar Patel anapanga mtundu wina umene amautchula kuti CO2, ndipo mpaka lero ndi umodzi mwa imene amachizira zipsera. Ntchito yake ndi kuvulaza khungu mwadala. Khungu likapsa limadzuka n'kuyamba kudzikonza. Limaluka ulusi watsopano m'kati, umene madokotala amati kolajeni, ndipo ulusiwo ndiwo umakankha pansi pa dzenje kuti likwere. Waona dambo likapsa mu Seputembala, msipu wanthete n'kuphuka palupsa. Ndi chimodzimodzi.

Kale ankawotcha dambo lonse. Ankasenda chikopa chonse cha pamwamba pa nkhope, munthu n'kukhala masabata awiri ali ndi chilonda chochucha, kufiira kwake n'kutenga miyezi. Mu 2004 madokotala a ku Boston, Dieter Manstein ndi Rox Anderson, anabweretsa njira ina. M'malo mowotcha ponseponse, makina amaboola timaenje zikwizikwi tochepa kuposa nsonga ya singano, n'kusiya khungu lamoyo pakatipakati, monga timasiyira mpata pakati pa phando ndi phando. Khungu losapsalo ndilo limathamangira kukatseka mabala a mnzake. Njira imeneyi ndi imene zipatala zambiri zikugwiritsa ntchito masiku ano. Palinso makina ena amene sasenda n'komwe, amangotenthetsa m'kati. Amenewo amapweteka pang'ono, amachita pang'ono, ndipo amafuna maulendo ambiri.

Tsopano bweretsanso foni ija. Yang'ana mtsikana wa pachithunzi. Khungu lake ndi lotani? Loyera. Nanga lako? Apa ndiye pagona nkhani.

Dokotala wina wa ku Harvard, Thomas Fitzpatrick, mu 1975 anayamba kugawa makungu a anthu m'magulu malinga ndi mmene amachitira padzuwa. Magulu ake alipo 6. Ife tili mu gulu la 5 ndi la 6. Chimene chimatidetsa khungu amachitchula kuti melanini, ndipo chimamwa kuwala. Yanika chitenje chakuda ndi choyera pachingwe chimodzi masana, n'kuzigwira. Chakuda chimatentha msanga. Ndiye mphamvu ya laser imene ingadutse bwino pa khungu loyera, pa lako ikhoza kuima pamwamba n'kukuwaula.

Si zokhazo. Khungu lathu likavulala limayankha ndi kuda. Tayang'ana msongolo wako, pamene udzudzu unakuluma iwe n'kukanda. Chilonda chinapola kalekale, koma kadontho kakuda kakadalipo. Zimene udzudzu wachita pang'onozo, moto ukhoza kuzichita nkhope yonse. Kudako sikubwera tsiku lomwelo. Umatuluka m'chipatala ukusangalala, sabata yoyamba nkhope n'kuoneka yatsopano. Pakatha masabata atatu kapena anayi mawanga akuda n'kuyamba kutuluka, ndipo amatenga miyezi kuti azilale. Ena zimawatembenukira, malo opsawo amayereratu mbuu, ndipo zimenezo n'zovuta kubweza. Madzi akatayika saoleka. Chithunzi cha pafoni sichinena zimenezi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onanso mmene anajambulira. Choyamba nyali ili chammbali, dzenje lililonse likuponya mthunzi. Chachiwiri nyali ili kutsogolo, mithunzi yonse yathawa. Ngakhale nkhope yanga yamakwinyayi ikhoza kusalala ndi nyali yoteroyo.

Ndipatse dzanja lako. Tseka maso. Yendetsa chala pa tsaya ili pang'onopang'ono. Apa pamene umapada kwambiri, pali dzenje? Palibe. Ndi posalala. Limeneli ndi dontho chabe, mthunzi umene chiphuphu chinasiya. Si chipsera. Madontho oterewa amazilala okha, ena pa miyezi 6, ena chaka kapena kupitirira, makamaka ukamawabisa ku dzuwa n'kumapaka mankhwala olembedwa ndi dokotala. Theka la zimene ukulira nazo ndi zimenezi. Ukanalipira ndalama zambiri kuwotcha chinthu chimene chili kale panjira yochoka, ndipo motowo ukanachiitananso.

Tsika pang'ono. Apa chala chagwa. Amenewa ndiwo maenje enieni, ndipo safanana. Aka n'kakang'ono kukamwa koma n'kakuya, ngati unabayidwa ndi munga. Laser sifika pansi pa kotereka. Madokotala amadonthezamo kadontho ka asidi ndi kamtengo kosongoka, kapena amakadula n'kusoka. Awa a pafupi ndi khutu ndi otakasuka, ali ndi m'mphepete ngati chidindo. Amenewa laser imawathandiza. Koma apa, pamene khungu likuchita mafunde, takoka ndi zala ziwiri. Waona, likasalala ukakoka. Pansi pake pali timinyewa tomangirira khungu ku mnofu, monga luzi limangira udzu ku phaso. Ungawotche pamwamba kakhumi, luzi likadalipo. Dokotala wodziwa amalowetsa singano pansi pa khungu n'kudula timinyewato kaye. Nkhope imodzi, matenda atatu. Munthu amene akuuza kuti makina amodzi athetsa zonse, asanakugwire n'komwe tsaya, akugulitsa malonda.

Pali china cha m'banja mwathu muno chimene uyenera kunyamula popita. Amayi ako aang'ono anaboola makutu ali ndi zaka zako. Khutu lakumanja linatupa chotupa cholimba, chonyezimira, chinakula mpaka kufanana ndi nthudza. Chimayabwa, chimapweteka kukazizira. Anakachidula, chinameranso chachikulu kuposa poyamba. Madokotala amati keloid. Ndi chipsera chosadziwa polekera, chimapitirira malire a bala. Chimakonda anthu akuda, ndipo chimatsata magazi. Mankhwala ake kawirikawiri ndi jakisoni wobaya m'chotupa momwemo, mwezi ndi mwezi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tandionetsa phewa pamene anakutemera katemera uli khanda. Chipsera chako n'chathyathyathya, zimenezo n'zolimbitsa mtima. Komabe ukamuuze dokotala za khutu la amayi ako aang'ono asanakufunse.

Ndikuonanso ziphuphu zitatu zatsopano pachibwano. Chimodzi wachifinya m'mawa uno, usakane, chikuoneka. Munthu sazira pansi denga likudontha. Ukakonza zipsera zakale ziphuphu zikutulukabe, mawa zikukumbira maenje ena, ndalama zako n'kupita ndi madzi. M'mera mpoyamba. Yamba wazimitsa ziphuphu. Chimene chimasiya dzenje ndi kutupa kwa m'kati, ndipo chala chako chikafinya chimaphulitsira mafinya m'kati momwemo. Manja ako achoke pankhope. Mankhwala a ziphuphu alipo, opaka ndi akumwa, ndipo safuna ndege. Ku Gulupu ku Blantyre kuli mbali yoona za khungu, ku Kamuzu Central ku Lilongwe nakonso. Kumene ukukhalako madokotala a khungu ndi ochuluka kuposa kuno. Mankhwalawo amatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti uone kusintha, ndipo ambiri amasiya pa sabata yachitatu n'kumati sakugwira.

Akakupatsa mapiritsi amphamvu otchedwa isotretinoin, tchera khutu kawiri. Amaumitsa ziphuphu zouma mutu, inde. Koma mkazi akatenga pakati akumwa amenewa, mwana amapunduka m'mimba. Ndikunena poyera chifukwa ndiwe wamkulu tsopano ndipo uli pa chibwenzi. Madokotala ambiri amadikiranso miyezi 6 munthu atasiya kumwa asanamuyandikize ku laser yosenda khungu.

Tsopano kabotolo kaja ka mafuta oyeretsa khungu. Ndinakaona pamene unkatulutsa sopo m'chikwama. Usagwetse nkhope. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndili pantchito kunabwera mayi wina wa zaka ngati 35, wovala bwino, mphunzitsi. Anadikira mpaka odwala onse atachoka, ndipo pamene anavula mpango ndinamvetsa. Pamphumi ndi m'khosi anali woyera mwachikasu. Koma m'masaya, pamwamba pa mafupa apa, panali pakuda bii, kuda kopita kobiriwira, ngati kunsi kwa mphika. Nditagwira panali tokhakhala ngati mchenga. Khungu lozungulira linali lopyapyala, timitsempha tikuonekera. Anayamba kudzola mafuta oyeretsa chifukwa cha madontho awiri a ziphuphu. Madontho awiri okha. Anadzola zaka zambiri, chifukwa akasiya nkhope inkayabwa n'kutuluka ziphuphu zambiri kuposa kale. Ndinalibe chomupatsa chobwezera khungu lake. Ndimamukumbukirabe mmene anamangiranso mpango uja, pang'onopang'ono, asakundiyang'ana.

Mafuta amenewa amaikamo zinthu zitatu. Hydroquinone, imene ukaidzola nthawi yaitali imadetsa khungu kosabwerera. Madokotala a ku South Africa komweko analemba za nthenda imeneyi mu 1975, ndipo boma lakumeneko linailetsa m'mafuta odzola mu 1990, koma ikugulitsidwabe mobisa. Mankhwala a steroid, amene amapyapyalitsa khungu ndipo iwo eni amabala ziphuphu. Ndi mercury, imene imawononga impso. Khungu lofooka ndi zimenezi ukaliika pa laser lili ngati pepala pamoto. Dokotala mwina adzakulembera hydroquinone yomweyo kwa masabata owerengeka, akukuyang'anira. Imeneyo ndi nkhani ina. Mpeni uli m'manja mwa wodziwa si mpeni uli m'manja mwa mwana. Ukamuuze zonse zimene wadzolapo, ndi dzina lake, ndi zaka zake.

Za dzanja logwira makinawo ndiye ndikhalitsepo. Makina ndi khasu chabe, mlimi ndi munthu. Masiku ano laser ikupezeka ndi m'malo omangitsira tsitsi, wogwira wake anaphunzira masiku awiri kwa wogulitsa makinawo. Sindikunyoza ntchito ya munthu. Koma nkhope ikapsa, yemweyo sadziwa chochita, akuuza kuti upite kuchipatala. Bwanji osayambira kuchipatala komweko? Kuno kwathu dokotala weniweni amakhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Kumeneko bungwe lake ndi HPCSA, ndipo dzina la dokotala ukhoza kulifufuza pa intaneti ndi foni yomweyi.

Safunsa anadya phula. Ukalowa, khala pansi ngati munthu wogula ng'ombe. Umufunse kuti anthu akuda ngati iwe wawachiza angati. Akuonetse zithunzi zawo, osati za azungu, ndipo zikhale zojambulidwa patapita miyezi, osati tsiku lotsatira. Umufunse dzina la makina ndi chifukwa chimene wawasankhira khungu lako. Pali mtundu wina wotchedwa Nd:YAG umene kuwala kwake kumadutsa pamwamba osamwedwa kwambiri ndi melanini, ndipo madokotala amaudalira pa khungu lakuda. Amene amagwiritsa ntchito CO2 pa ife amatsitsa mphamvu n'kutalikitsa timaenje. Palinso njira yopanda moto, ya tisingano tambirimbiri tobaya khungu kuti liluke ulusi uja, ndipo siidetsa khungu kawirikawiri ngati laser. Dokotala wabwino adzakutchulira yekha njira imeneyi, ngakhale ili yotsika mtengo. Umupemphe ayese kaye pa kamalo kakang'ono kobisika, pafupi ndi khutu, mudikire mwezi muone mmene khungu liyankhire. Ndiwo timalawa tisanagawe. Umufunse kuti likada adzachita chiyani, ndipo adzalipira ndani. Akakwiya ndi mafunso ako, nyamula chikwama chako. Akakugoneka osakuphimba maso ndi zotchingira, dzuka, chifukwa kuwala kumeneko kumapha maso.

Umuuzenso za tizilonda tija timakutuluka pamilomo ukadwala malungo. Kachilombo kake kamagona m'thupi, ndipo moto umakadzutsa n'kufalikira pa nkhope yosendeka. Pali mapiritsi oyamba kumwa tsiku lisanafike. Kanthu kakang'ono, koma kakaiwalika kamasiya zipsera zoposa zimene unapitira.

Ulendo umodzi sukwana. Mtengo umene waona pafoniwo ndi wa ulendo umodzi. Ambiri amapita katatu, kanayi, kasanu, n'kumasiya mwezi kapena kupitirira pakati. Werengera zonse pamodzi, uwonjezepo mankhwala opaka ndi masiku ojomba kuntchito. Ukaona kuti ndalama zikukwana maulendo awiri okha, sunga kaye. Kusiyira panjira ndi kutaya mbewu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo ulusi uja suluka usiku umodzi. Umatenga miyezi itatu mpaka 6 chichokereni ulendo womaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikuuzenso chimene wogulitsa sanganene. Zipsera sizitheratu. Zimaphwa, m'mphepete mwake mumafewa, mthunzi wake umachepa, ufa wodzola umakhala bwino. Munthu wokuona koyamba mwina sadzaziona. Iwe pagalasi udzaziona, chifukwa ukudziwa pamene zili. Ukapita ukuyembekeza dzira la pachithunzi lija, udzabwera wokhumudwa ngakhale ntchito itayenda bwino. Ukapita ukuyembekeza kuti dzenje lisanduke kambale kosaya, udzakhuta.

Walira mvula walira matope. Ukachoka pa makina nkhope imatupa, imatentha ngati wapsa ndi dzuwa. Pakapita masiku imachita tinkhanambo, n'kumafunduka pafupifupi sabata yathunthu. Pamenepo m'pamene zala zako zidzayesedwe. Nkhanambo igwe yokha. Sopo wamphamvu, mandimu, mankhwala otsukira mano, zonse zimene anzako amalangizana, zisayandikire. Ndipo mdani wamkulu ndi dzuwa. Ena amati munthu wakuda safuna mafuta oteteza ku dzuwa. Pa khungu lopsa ndi laser bodza limenelo limalipiritsa. Udzola olembedwa SPF 30 kapena kuposa, tsiku ndi tsiku, ngakhale kuli mitambo, n'kuvala chipewa chachikulu ngati cha agogo ako cha kumunda. Miyezi, osati masiku.

Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Chinkhoswe cha mu Disembala. Tawerenga ndi ine. Uno ndi Ogasiti. Ukayamba mwezi wamawa, ulendo wachitatu ugwera mu Novembala, dzuwa lili pamutu kuno ndi uko komwe. Mawanga aja akati abwere, adzabwera sabata yomwe ankhoswe akukhala pamphasa. Ukufuna kudzaima pamaso pa akuchimuna ndi nkhope imene sukuidziwa mmene idzadzukire? Kuthamanga si kufika. Miyezi inayi imeneyi uipereke kwa ziphuphu ndi madontho. Usiye kufinya, usiye kabotolo, uyambe mankhwala a dokotala ndi mafuta a dzuwa. Podzafika Disembala madontho ambiri adzakhala atazilala, ndipo udzaona bwino maenje enieni amene atsala. Mwina adzakhala ochepa kuposa mmene ukuganizira lero. Amenewo udzawapititse kwa dokotala mu Juni, kukuzizira, dzuwa litafooka. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala.

Mnyamata uja anakufunsira masaya ali momwemu, zimenezo ukuzidziwa wekha. Sindikuti usiye chifukwa cha iye, ndiponso usachite chifukwa cha iye. Ukachita, uchite chifukwa watopa kutembenuza mutu pojambulitsa. Chifukwa chimenecho n'chokwanira.

Mawa m'mawa tipite kwa amayi ako aang'ono. Ukalione khutu lija ndi maso ako, ukaligwire, ukalijambule ndi foniyo kuti ukamuonetse dokotala. Madzulo ubwere ndi kope ndi cholembera, ndidzakutchulira mafunso aja limodzilimodzi ulembe. Kabotolo kaja kabwere kuno tsopano, ndikasunga ine. Ukabwera nako utengenso lichero kuseri kwa chitseko, mtedzawu wakwana kupeta.